Kamzere Kapamutu pa Valavu

Pikapu ija ndinaigula kwa munthu wina wopuma pantchito ya njanji, chaka chimene mwana wathu wamkazi anayamba sukulu. Inali ya injini ya V6, mtundu wakale uja wa mapushirodi khumi ndi awiri. Nthawi imeneyo ndinali makaniko ku Graniteside, mu Harare muno, pamalo ena okonzera mainjini, ndipo nditaimvera kulira kwake ndinadziwa kuti inali isanatope. Koma amene anaikonda kwambiri anali mkazi wanga. Ankati galimoto yopanda bokosi kumbuyo ndi ya anthu opanda abale. Inanyamula mabenchi a kutchalitchi, matumba a chimanga, maliro a anthu a mumsewu wathu ku Mufakose, ndiponso iye mwini, ulendo uliwonse wopita kuchipatala m'chaka chake chomaliza. Pachitunda, katundu akachuluka, ankaisisita padashibodi n'kumaiuza kuti limba, tatsala pang'ono kufika.

Mkazi wanga atamwalira, pikapuyo ndinaipereka kwa akamwini, amuna a mwana wathu uja. Iwo amakhala ku Caledonia, ndipo ntchito yawo ndi kuperekera anthu madzi a m'matanki ndi njerwa m'misewu ya kumeneko, imene galimoto yaing'ono singaiyerekeze. Ndinawapempha chinthu chimodzi chokha: kuti tsiku loika mwala pamanda a malemu, mwalawo udzanyamulidwe ndi pikapu imeneyi, osati lole yahayala. Sindinafotokoze chifukwa chake, ndipo iwo sanafunse. Ananjuta n'kuwomba m'manja.

Abale ndi akumpingo anagwirizana tsiku: Loweruka lina la mu Ogasiti, mwezi umene anthu ambiri kuno amaika miyala. Kutatsala masabata awiri, akamwini anandiimbira foni kuti injini yayamba kugogoda pamwamba ndipo yatha mphamvu. Anabwera nayo kwathu pang'onopang'ono, n'kuiimika pansi pa mtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba, pamene ndakhala ndikugwirira ntchito chipumireni ku Graniteside.

Nditatsegula chivindikiro ndinapeza zimene ndinkaganizira. Pamwamba pa injini zoterezi pamakhala tizitsulo totchedwa maroka, khumi ndi awiri. Roka imapendama uku ndi uku: pushirodi, yomwe ndi kandodo kachitsulo kochokera pansi, imaikankha mbali imodzi, mbali inayo n'kutsikira pa valavu, kachitseko ka mpweya wa mu injini, ndi kuitsegula. Pakati pake roka imakhala pa sitadi, chitsulo choimirira chimene kufakitale anangochikhomera mu hedi, mutu wa injini, popanda mazinga. Sitadi imodzi inali itazuka. Ndinaigwedeza ndi chala ngati dzino la mwana.

Ine ndikanangokhomera ina yonenepako n'kuitsekera ndi kaphini, monga tinkachitira kale. Koma akamwini anapita kutsogolo kwa galimoto n'kubwera ndi kabokosi. Anali atakaitanitsa kalekale kuchokera ku Joni kudzera mwa mayi wina wa geni yodutsa malire, ndipo ankangodikira nthawi yabwino yondiuzira. Munali masitadi a mazinga, mapushirodi atsopano, ndi maroka a mtundu wina, okhala ndi kawilo kunsonga kuti azigubuduzika pamutu pa valavu m'malo mokhula. Anaziona pafoni, anthu a kunja akuziika m'magalimoto a mpikisano.

"Akuti injini imapuma bwino, bambo," anatero akuyang'ana pansi. "Ndipo masitadi ake sazuka. Koma ngati inu simukufuna, tizisiya."

Mumtima ndinati, pikapu yonyamula madzi ifuniranji zida za mpikisano? Koma ndinaphunzira kalekale kusafulumira kunyoza chinthu chifukwa choti sindinachigwirepo. Ndinatenga roka imodzi n'kuzunguza kawilo kake ndi chala. Kanali kosalala, kopanda phokoso. Za masitadi ananena zoona: a mazinga ndi abwino kuposa okhomera. Ndinaonanso mmene anagwirira kabokosiko, ngati munthu wonyamula mazira. Ndinati tiziika.

Ndiyenera kunena za akamwiniwa. Makolo awo anachokera ku Tete nthawi ya nkhondo, iwo ali kumsana, ndipo anawalera mu ulemu wakale umene ana a m'tauni muno anausiya. Sakhala pampando ine ndili chiimire. Sadya nane mbale imodzi. Polankhula nane sayang'ana kumaso. Zaka zonse zimene akhala ndi mwana wanga ndinali ndisanamvepo mawu oti ayi kuchokera pakamwa pawo. Anzanga a kutchalitchi, amene akamwini awo amawapatsa moni dzanja lina lili m'thumba, ankandichitira nsanje, ndipo ine ndinkanyadira.

Ndiyeneranso kunena za maso anga. Anayamba kuchita nkhungu malemu asanadwale. Zinthu zazikulu ndinkaziona, koma manambala a pa fila geji, kachida koyezera mpata wa mavalavu, ndi timizere ta pa veniya, choyezera kutalika kwa zitsulo, zinkangosungunuka. Amene ndinkadziwa kuti akudziwa anali mkazi wanga yekha. Ndikamagwira ntchito pansi pa mtengo uja, ankabwera ndi mpando wake ndi zoluka zake, ndipo ndikatenga geji ankangowerenga nambala mokweza ngati akudzilankhulira. Makasitomala ankaseka kuti amayiwa nawonso ndi makaniko. Ndiyenso anandikonzera katoni yoikamo mapushirodi: anaiboola mabowo khumi ndi awiri ndi singano yolukira n'kulemba manambala akuluakulu, kuti pushirodi iliyonse izibwerera pamalo pake. Geji imene ndinkaigwiritsa ntchito kwambiri anaimanga kaulusi kofiira. Atapita, ndinapitiriza ndi zala ndi makutu. Sindinauze munthu. Ndinkaopa kuti ndikanena, anthu asiya kundibweretsera magalimoto, ndipo ndizingokhala pakhonde kudikira Lamulungu.

Sabata yoyamba inatha ndi mahedi. Tinawachotsa onse awiri n'kuzula masitadi otsalawo mwa njira yakale: kuunjika mawashala pa sitadi, kumanga nati pamwamba, sitadi n'kumatuluka yokha pang'onopang'ono. Mahediwo tinakawasiya ku Graniteside kwa msuweni wanga, amene ali ndi makina osemera zitsulo, kuti apale pamene masitadi atsopano adzakhale. Magetsi ankangothimathima, ndiye ntchito ya tsiku limodzi inatenga masiku asanu. Mahedi atabwera, mazinga ndinadula ndekha ndi tapu, kachitsulo kodulira mazinga m'bowo. Ntchito imeneyo ndi ya manja kuposa maso: kuzunguza pang'ono, kubweza pang'ono, kudontheza oyilo, kumvera ngati chitsulo chikudandaula. Sitadi ikapendama ngakhale pang'ono, roka singakhale bwino mpaka kalekale. Ndinadutsitsa tapu m'chitsulo cholondolera chimene ndinasema ndili mnyamata, ndipo masitadi onse anaima chilili. Pamazinga ake tinapaka phala lotsekera, chifukwa mabowo ena amafika pafupi ndi njira za madzi. Akamwini ankandipatsira zida, kupukuta ndi kuonerera. Pofika Lachiwiri la sabata yachiwiri, mahedi anali atabwerera pa injini.

Lachitatu linali tsiku loyesa kutalika kwa mapushirodi. Maroka a mawilo ali ndi lamulo lawo. Kawilo kaja kayenera kuyenda pakati penipeni pa mutu wa valavu, malo aang'ono ngati chikhadabo cha chala chaching'ono. Pushirodi ikatalika, kawilo kamathawira m'mphepete chakunja. Ikafupika, kamathawira chamkati. Kakamayenda m'mphepete kamakankhira valavu cham'mbali, ndipo tsiku lina galimoto italemedwa kakhoza kuterereka, valavu n'kupindika kapena kugwera m'kati. Zikatero injini yatha. Kuyesa kwake n'kosavuta. Umadetsa mutu wa valavu ndi maka yakuda, umamanga roka, umazunguza injini ndi sipanala kawiri, kenako umachotsa roka. Pamene kawilo kadutsa pamatsala kamzere kowala. Kamzereko ndiko kamakuuza zoona.

Tinatero pa silinda yoyamba. Akamwini anazunguza injini, ine n'kumasula nati ndi kuchotsa roka. Ndinawerama. Ndinaona kadontho kakuda kokhala ndi kuwala kwina m'kati mwake, koma kuti kuwalako kunali pati sindinathe kudziwa. Ndinapukuta m'maso ndi mkono wa ovololo. Chimodzimodzi. Akamwini anali ataima pambali panga, akudikira. Zida zinali zatsopano, zopangidwira injini ya mtundu womwewu, ndiye ndinadziuza kuti sizingalakwike.

"Kali pakati," ndinatero. "Si choncho, akamwini?"

Anawerama nawonso, ndipo anakhalitsa. Ndinamva foni yawo ikujambula; ndinaganiza kuti akufuna kukaonetsa anzawo.

"Monga mwanenera, bambo," anayankha.

Tinamanga zonse. Mpata wa mavalavu ndinayeza ndi geji ya kaulusi kofiira ija. Dzuwa lisanalowe tinailiza, ndipo inalira bwino, mosalala kuposa kale. Ndinavula chipewa n'kuthokoza Mulungu pomwepo. Akamwini anati ameni motsitsa, anasamba m'manja, n'kupita kukakwera kombi. Tinagwirizana kuti abwere m'mawa mwake tidzamalize zing'onozing'ono.

Lachinayi m'mawa amene anayamba kufika anali mwana wanga. Kuchoka ku Caledonia kufika ku Mufakose ndi makombi awiri, ndipo iye sabwera pakati pa sabata. Anati wabweretsa nsalu yophimbira mwala kuti ndiione. Anasesa pakhonde posesa kale, anatereka tiyi, anadandaula kuti ndikuthira shuga wambiri. Ndinadziwa kuti pali nkhani. Mwanayu anatengera mayi ake: nkhani yaikulu amaifikira podzera kukhitchini.

Titakhala pansi anatulutsa foni ya amuna ake.

"Baba, taonani ichi."

Amanditchula choncho, m'Chishona cha kusukulu. Chichewa chake chenicheni chimatuluka akakwiya kapena akamapemphera. Anatambasula chithunzi ndi zala ziwiri mpaka mutu wa valavu unakula ngati mbale. Pamenepo ndinaona. Kamzere kowala kanali m'mphepete chakunja, katatsala pang'ono kugwa.

"Chithunzichi ndi cha dzulo?"

"Cha dzulo. Afika kunyumba, chakudya osachikhudza. Ndikuwafunsa, akuti palibe. Ndafunsa kachitatu ndiye andionetsa."

"Ndiye akutuma iwe?"

"Sananditume ayi. Foniyi ndachita kuwalanda. Akuti pakamwa pawo sipangatuluke mawu oti apongozi alakwitsa. Akuti Loweruka ayendetsa pang'onopang'ono akupemphera, ndipo mwala ukafika, galimoto akaipereka kwa makaniko wina mwakachetechete, inu osadziwa." Anapukusa mutu. "Ndawafunsa kuti, ikakafera pa mphambano ya Mbudzi mwala wa amayi uli kumbuyo, muunyamula pamutu ndi ulemu wanuwo?"

Poyamba mtima unandiwawira akamwini: munthu kuona dzenje n'kumusiya mkulu akulowamo. Koma ndinamwa tiyi uja ndikubwereza m'mutu zimene zinachitika, monga ndimachitira ndisanaweruze munthu. Sindinawafunse kuti akuona chiyani. Ndinawauza yankho, kenako n'kuwapempha kuti avomere. Munthu woleredwa monga iwo anali ndi khomo limodzi lokha lotulukira, ndipo amene anatseka enawo ndinali ine. Ulemu umene ndinkanyadira kutchalitchi uja ndi womwe ndinabisalamo.

Panalinso china chimene ndikanachidziwa ngakhale nditatsinzina. Mahedi amenewo ndinawapalitsa ine ndemwe kawiri, injini itatenthapo zaka za m'mbuyomo. Hedi ikapalidwa imatsika, ndipo pushirodi ya muyezo wa kufakitale imakhala yaitali. Maroka akale a nsonga yotambalala ankakhululuka zimenezo. A mawilo sakhululuka. Zikanakhala kuti maganizo anga sanali pa kubisa maso, ndikanakumbukira.

"Baba," anatero mwana wanga, "za maso anu ndikuzidziwa. Amayi anandiuza kuchipatala. Anati, bambo akowo sadzanena, uziwayang'anira. Ndakhala ndikudikira kuti munene nokha."

"Nthawi yonseyi?"

"Nthawi yonseyi. Nanenso ndili nawo ulemu wanga wopusa."

Akamwini anafika cha m'ma teni. Ataona akazi awo pakhonde, foni yawo ili patebulo, anaima pageti ngati mlendo wofunsa njira. Ndinawaitanira kuseri, pansi pa mtengo.

"Chotsani chivindikiro ndi roka ya silinda yoyamba. Mudetsenso valavu."

Anachita zonse. Anamanga roka, anazunguza injini, anaichotsanso, n'kubwerera m'mbuyo kundipatsa malo. Sindinawerame.

"Akamwini, maso angawa ali ndi ng'ala. Kamzereko sindikukaona, ndipo dzulo sindinakaone. Ndinakuikani pamalo ovuta, mundikhululukire. Tsopano ndiuzeni chimene mukuona inuyo."

Anakanda kumutu. Anayang'ana kumene kunali akazi awo, amene anali atabwera kudzaima pakona ya nyumba, manja ali m'chiuno.

"Kali chakunja pang'ono, bambo."

"Pang'ono bwanji?"

"Pang'ono... kwambiri."

Mwana wanga anaphulika kuseka. Ine ndinatambasula dzanja n'kuwauza kuti andionetse ndi chala. Anazengereza, chifukwa kupatula popereka moni anali asanagwirepo dzanja langa. Kenako anagwira chala changa cha mkombaphala n'kuika chikhadabo pamene panali kamzere. Ndinasuntha pang'ono chabe, chikhadabo n'kugwa m'mphepete. Mpata wake unali ngati ulusi.

Kunatsala tsiku limodzi ndi theka. Mapushirodi a muyezo wapadera sungawapeze pashelefu mu Harare muno, ndipo kuitanitsa ku Joni kukanatenga sabata. Akamwini anafunsa motsitsa ngati tingabwezeretse maroka akale. Ndinawakumbutsa kuti imene inali pa sitadi yozuka ija inadyeka, ndipo enawo manati ake sagwirizana ndi masitadi atsopano. Njira inali imodzi: kufupikitsa mapushirodi amene tinali nawo.

Choyamba tinayenera kudziwa muyezo woyenera. Ndinatenga pushirodi yakale imodzi pa katoni ija, ndinaidula pakati ndi sowo, n'kulumikiza zidutswa ziwirizo ndi kabawuti ndi nati, kuti izitalika ndi kufupika mmene tikufunira. Tinayamba: kufupikitsa pang'ono, kudetsa valavu, kumanga roka, kuzunguza, kuchotsa. Ulendo uliwonse ndinkafunsa funso limodzi lomwelo, ndipo ndinkasamala kuti ndisaikemo yankho.

"Mukuona chiyani?"

"Kasendera, bambo, koma kakadali kunja."

Ulendo wachitatu anati kayandikira. Wachinayi anatinso kayandikira kwambiri. Msana unali utandiwawa ndi kuwerama, ndiye ndinati basi, pamenepa pakwana, tiyeze.

"Ayi, bambo," anatero. "Katsalabe. Tibweze nati theka."

Anadzidzimuka okha atamva mawu awo, n'kugwira pakamwa ndi dzanja la oyilo. Ine ndinangotenga sipanala n'kubweza nati theka. Ulendo wachisanu anati kali pakati, ndipo kachepa ngati tsitsi. Tinayesanso mbali inayo ya injini, chifukwa mahedi awiri sapalidwa mofanana nthawi zonse, ndipo kunalidi kusiyana pang'ono. Akamwini anawerenga veniya, mwana wanga n'kulemba miyezo iwiriyo pa katoni, pansi pa manambala a mayi ake.

Lachisanu m'mawa ine ndi akamwini tinakwera kombi kupita ku Graniteside, mapushirodi ali m'katoni. Msuweni ndi munthu amene mwambo umamulola kukunyoza pamaso iwe osakwiya. Wangayu ndi mwana wa amalume anga, ndipo mwayi umenewu sanauphonyepo chiyambire tili ana. Tinamupeza atakhala pamgolo akudya chimanga chootcha, magetsi kulibe. Ndinamufotokozera zonse, osabisa za maso.

"Aleluya!" anakuwa. "Lero waulula? Ife tinadziwa kalekale, mdala. Chaka chatha unapereka moni kwa silinda ya gasi pakhomo apa, mpaka kuifunsa za kunyumba."

"Inandiyankha bwino kuposa iwe."

"Imakuopa, ili ngati mkamwini wakoyu." Anatembenukira kwa akamwini. "Iwe, mkuluyu akakuuza kuti mbuzi ili ndi miyendo isanu, uvomera?"

"Ndivomera, sekuru," anayankha akamwini, akumutchula mwaulemu m'Chishona, "kenako ndikauza akazi anga kuti akawerengenso."

Msuweni anaseka mpaka kutsamwa ndi chimanga. Ine ndinali ndisanamvepo akamwini akunena nthabwala, ndipo sindinadziwe kuti ali nazo.

Tinadikira. Msuweni anati magetsi akapanda kubwera, mwala tiukweze pa ngolo ya m'manja ndipo ine ndikoke, popeza bulu safunika kuona bwino. Ndinamusiya anene. Mumtima ndinkapemphera, ndipo ndinkadzikonzekeretsa kuti ngati sabwera, ndivomere lole yahayala popanda kudandaula, chifukwa wochedwetsa ndinali ine. Magetsi anabwera dzuwa lili paliwombo.

Mapushirodi atsopanowo anali a mpope, okhala ndi timitu tokhomera kunsonga. Msuweni ankazula kamutu, kudula mpope pamakina, kukhomeranso kamutu, akamwini n'kuyeza ndi veniya. Asanu ndi imodzi a muyezo wina, asanu ndi imodzi a muyezo winawo. Awiri akamwini anawabweza, anati akadali aatali.

"Mwana uyu ndi wovuta," anadandaula msuweni. "Dzulo lomweli anali wosalankhula. Unamutola kuti?"

Ndinati ndinachita kupatsidwa.

Titabwerera ku Mufakose sitinayese valavu imodzi yokha monga Lachitatu. Tinadetsa onse khumi ndi awiri, ndipo pa iliyonse akamwini ananena chimene akuona. Poyeza mpata iwo ankasankha geji ndi kuwerenga nambala yake, ine n'kumvera kukoka kwake ndi zala, chifukwa pamenepo maso sathandiza. Ndinawagwiritsa geji kuti amve okha mmene iyenera kukokera, ngati mpeni wodutsa mu sopo. Tinailiza dzuwa likupendeka. Kulira kwake kunali chimodzimodzi ndi kwa Lachitatu. Khutu langa, limene ndinkalidalira kwambiri, silikanandiuza kanthu.

Loweruka m'mawa tinapita kwa wosema miyala. Maziko ake pamanda anali atamangidwa kale. Chinatsala ndi mwala wokha. Amuna asanu ndi mmodzi anaukweza n'kuugoneka pamatayala akale ndi bulangeti, pikapu n'kukhala pansi kumbuyo. Akamwini anandipatsa makiyi ndi manja awiri. Ndinawabwezera.

"Muyendetse ndinu. Ine ndikhala uku."

Ndinakhala kumanzere, pampando wa malemu, umene zaka zonsezo ndinali ndisanakhalepo. Mwana wanga anakhala pakati. Pachogwirira cha chitseko panali pakadali kansalu kamene mayi ake anamangapo kuti chisamawatenthe dzanja nthawi ya dzuwa. Ine ndinkamvera injini. Pa Mbudzi panali mdipiti wa magalimoto, kuima ndi kuyenda, kuima ndi kuyenda, ndipo pokwera kachitunda ndinazindikira kuti dzanja langa lili padashibodi. Kenako tinalowa msewu wafumbi wopita kumanda. Injini sinatsokomole ngakhale kamodzi.

Amayi a mpingo anali atafika kale, akuimba. Omanga anautsitsa mwala, anauimika pamaziko, mwana wanga n'kuuphimba ndi nsalu ija. Abusa atapemphera, nsalu inachotsedwa. Anthu anati ndi wokongola. Ine ndinkaona chinthu chakuda chowala, chokhala ndi mizere yoyera yosungunuka. Kale ndikanagwedeza mutu n'kunena kuti inde, ndi wokongola. Ndinakoka akamwini pamkono.

"Mundiwerengere. Zonse, mmene zalembedwera."

Ananjuta pafupi ndi mwala n'kuwerenga dzina la mkazi wanga, zaka zake, ndi mawu amene ine ndi mwana wanga tinasankha. Anawerenga pang'onopang'ono, chala chikutsatira zilembo.

"Mukuona chiyani china?" ndinafunsa.

Anayang'ananso kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Chilembo chomaliza chapendama pang'ono, bambo. Zina zonse zili m'malo mwake."

"Pang'ono bwanji?"

"Pang'ono penipeni."

Ndinawakhulupirira.